Mpando wa Kumbuyo pa Njinga ya Abambo

Lachisanu, pa 28 Ogasiti, 1981.

Ndadzuka mtima uli m'mwamba ngati tsiku la mayeso, chonsecho sukulu sitinatsegulire. Ndisanasambe n'komwe ndinayamba ndasuzumira pawindo kuti ndione ngati njinga yamoto ya abambo ikadali kuseri kwa nyumba. Inalipo, yofunditsidwa lona wake wobiriwira, matope a ku Wales akadali m'matayala. Pangano ndi lakuti mawa m'mawa kubwera mzungu wina wa kuntchito kwa abambo kudzaiona, ndipo akaikonda aitenga. Ku ulendo wathu wa kumapiri tinabwerako dzulo, ndipo chibwerereni palibe amene anatchula za munthuyo, ngakhale tonse atatu tinkadziwa kuti akubwera.

Abambo amati nkhani siyambira kumchira, choncho ndiyambe ndi njingayo.

Kwathu ku Dedza abambo anali mphunzitsi wamkulu. Za kumeneko ine ndimakumbukira zochepa, poti tinachokako ndili wamng'ono, pa nthawi imene anzawo a abambo ankangotengedwa mmodzimmodzi osabwerako. Kuno ku Edmonton, mumzinda wa London, amagwira ntchito m'fakitale yopanga mipando ndi makabati. Amachoka m'mawa, amabwera madzulo utuchi uli m'tsitsi, amadya, amawerenga nyuzipepala, amapemphera. Si munthu wokwiya, koma mawu awo ndi owerengeka. Pamwamba pa kabati yawo ya zovala pali masutikesi awiri, ndipo kwa zaka zambiri sankalola kugula chinthu chimene sichingalowe m'menemo, chifukwa ankati chaka chamawa tibwerera kwathu. Njinga ndiyo chinthu choyamba chimene anagula chosalowa m'sutikesi. Anaigula ili chiphapha, yosalira n'komwe, ndipo anatha miyezi akuikonza Loweruka lililonse. Tsiku limene inalira koyamba abambo anaseka mpaka kukhala pansi, ine n'kudabwa kuti kodi mano onsewo anali nawo.

Mpando wa kumbuyo ndi wanga. Ndili ndi chisoti changa choyera chimene ndinamatapo timaluwa ta pepala, ndipo Lamulungu lililonse tikaweruka kutchalitchi timapita kukazungulira kunkhalango ya Epping. Pali chinthu chimene ndinkachidziwa ine ndekha: abambo akakhala panjinga amaimba. Mawu samveka chifukwa cha mphepo ndi injini, koma ukawagwira m'chiuno n'kutsamira pamsana pawo, nyimbo umaimva ikunjenjemera m'nthiti. Zimakhala nyimbo za kutchalitchi, zachichewa, zimene m'nyumba saimba.

Amayi njingayo sanaikondepo. Amagwira ntchito kuchipatala chachikulu cha kuno, kuwodi ya othyoka mafupa, ndipo tsiku ndi tsiku amaona anyamata miyendo ili m'mwamba, yomangiriridwa ku zingwe. M'mwezi wa Juni kunabwera bambo wina wa msinkhu wa abambo, amene anagwa panjinga pamsewu waukulu wodutsa pafupi ndi kwathu. Tsiku limenelo amayi anafika kunyumba n'kuima pakhomo la kukhitchini, nsapato osavula.

"Abambo ake, ndinadutsa nanu m'tchire, mwana ali kumbuyo, kuti ndidzakuikeni m'manda a ku Edmonton?"

Abambo anapinda nyuzipepala bwinobwino, anaiika patebulo.

"Mukwere kamodzi kokha," anatero. "Osati muno m'tauni, koma pamsewu wa kumapiri. Mukatsika n'kunena kuti ipite, ipita, ndipo sindidzaitchulanso."

"Nanga ndikapanda kukwera?"

"Ipitabe."

Ndi mmene alili abambo. Amaweruza mlandu mwachilungamo ngakhale ukugwera eni ake. Ine ndinafuna kulira, chifukwa ndinaona kuti amayi apatsidwa ntchito yosavuta, yongokhala osakwera. Ndipo abambo, pofuna kuonetsa kuti sakunama, anauziratu mnzawo wa kuntchito uja kuti adzabwere Loweruka lotsatira ulendo wathu.

Eni ulendowo anali ankolo ndi anti a ku Woolwich. Si abale athu a magazi. Kwawo ndi ku Chipata, ndipo ndi amene anatisunga m'nyumba mwawo titangowoloka malire. Pambuyo pake iwonso anabwera kuno, ndipo ankolo amakonza mabasi. Abambo amawatenga ngati mchimwene wawo, choncho amayi amawatchula kuti alamu, ndipo powapatsa madzi amagwadabe ngakhale pa kapeti ya ku London. Ankolo ali ndi galimoto yogonamo imene amaitcha kalavani. Kale inali yogulitsira buledi. Anaiboola mawindo, anaikamo mabedi osanjikiza, benchi yotambasula, kachitofu ka gasi ndi kasinki, anti n'kusoka makatani a chitenje. Dzuwa likaiwomba imanunkhirabe buledi. Tinagwirizana kuti akazi tizigona m'katimo, amuna m'tenti. Kwa ine ichi chinali tchuthi choyamba chopita kwinakwake. Anzanga a kusukulu akamasimba za kwa agogo awo ndimangomvetsera, poti ife kwa agogo sitingapite.

Tinanyamuka Loweruka m'mamawa, ine ndi abambo panjinga, kalavani pambuyo ikutsokomola. Ankolo amati kalavani yawo sichedwa, imangolemekeza malo amene ikudutsa. Ife tinkatsogola n'kuima pambali pa msewu kudikira, kenako n'kuiona ikutulukira, amayi ali pampando wakutsogolo atakumbatira poto wa nkhuku yokazinga, anti akutikupizira mpango pawindo.

Sindinkadziwa kuti dziko lino lili ndi mapiri otere. Ndinkayesa kuti lonse ndi nyumba za njerwa zolumikizana ndi mabasi ofiira. Titalowa mu Wales msewu unayamba kukwera n'kumapindika, mbali ino khoma la miyala, mbali inayo phompho, nkhosa zopakidwa utoto pamsana zitagona pakati pa msewu ngati ndi wa atate awo. Pena mitambo inkakhala pansi pathu. Abambo anayamba kuimba tisanafike n'komwe pamwamba. Pa kona ina anaima, anavula chisoti, n'kuyang'ana msewu umene tinadzera ukukhotakhota kutsikira m'chigwa.

"Khwekhwelere," anatero.

Ndinafunsa kuti n'chiyani. Anati ndi msewu wotsika phiri kuchokera cha ku Dedza kupita ku Golomoti. Atangokwatirana ndi amayi anatsika nawo msewu umenewo pa njinga yakapalasa yopanda mabuleki abwino. Anathyola nthambi yamasamba, anaimangirira kumbuyo kuti izikokeka pansi n'kumachepetsa liwiro, amayi ali pakaliyala, nkhuku ya mphatso ili pamiyendo.

"Fumbi lake, anthu ankayesa kukubwera lole," anatero abambo. "Amayi ako ankaseka njira yonse."

Ndinayesa kuwaona amayi akuseka pakaliyala, koma chithunzicho chinakana kubwera.

Tinamanga msasa pabwalo la udzu la mlimi wina amene amalola anthu a makalavani kugonapo. Panali mpopi umodzi, chimbudzi cha matabwa, ndi phiri lalikulu kutsogolo kwathu lomwe linkavala mtambo m'mawa n'kuuvula masana. Lamulungu kunagwa mvula. Tinapemphera m'kalavani tonse asanu, mawondo akugundana, ankolo akutsogolera nyimbo ndi besi yawo, denga likudontha pamalo amodzi pomwe anti anatcherapo kapu. Mvula itakata ankolo anapempha kuti abambo awazungulitseko pabwalopo. Ankolo ndi munthu wamkulu thupi, ndipo atakhala, njinga inagwada ngati bulu wosenzetsedwa matumba. Amayi anaseka mpaka kugwira chitseko cha kalavani. Koma ndinaona kuti pamene ankasekapo, maso awo anali pa tizitsulo timene ankolo anapondapo mapazi.

Lolemba, titatha kumwa tiyi, amayi anapukuta manja n'kunena kuti, "Tiyeni tithane nazo." Anatuluka m'kalavani atavala juzi, chitenje chawo chabuluu ndi duku. Ndinawapatsa chisoti changa. Anachivala pamwamba pa duku, chinangokhala pamutu ngati mtsuko wa munthu wochokera kuchitsime. Kenako anapita panjinga, anatembenuka, n'kukhala chammbali, miyendo yonse mbali imodzi, akakolo atapingasa, kachikwama kali pamiyendo. Ndi mmene mayi aliyense wa kwathu amakhalira pakaliyala. Anakhala mowongoka bwino, akuyang'ana phiri.

Ankolo anaika kapu pansi. Iwo ndi anti amalankhula chinyanja cha kwawo cha m'tauni.

"Mulamu, iyi si njinga yopalasa. Nkalani monga pa hachi, mwendo uku, mwendo uku. So muzagwa pa kona yoyamba. Na apolisi akamuonani ni mulandu."

"Ndakhala chonchi moyo wanga wonse, alamu, sindinagwepo."

"Valani buluku chabe, asisi," anatero anti, amene amavala mabuluku tsiku lililonse, ena ofiira. "Lamulo ija yolesa akazi buluku inasala kwanu. Kuno kulibe azamugwilani."

"Ine lamulo limenelo silinandivule kanthu. Linandipeza ndili kale m'chitenje."

"Gwilani chabe aticha mu chiuno," anatero ankolo. "Gwilani zolimba. Ni amuna anu, simunabweleke."

Amayi anayang'ana kumbali ngati sanamve, n'kugwira kachitsulo ka kumbuyo kwa mpando ndi dzanja limodzi.

Abambo sanatsutse. Ndikuganiza kuti anaopa kuti akanena kanthu amayi atsika. Analiza njinga n'kuyamba kuyenda pang'onopang'ono paudzu, mozungulira bwalo. Anayenda bwino mpaka pampopi. Pokhota, njinga inapendekera kumanzere monga imachitira, amayi n'kudzikokera kumanja kuti aiwongole, njinga n'kuyamba kudzandira. Nthawi yomweyo nsonga ya chitenje inalowa m'tcheni. Tinamva nsalu ikung'ambika. Abambo anaponda buleki, amayi anatsetsereka n'kuima ndi miyendo yawo paudzu, chisoti chitagwera pamphuno, chitenje chitang'ambika mpaka m'bondo. Sanavulale. Abambo anagwada n'kuyamba kusolola nsanza m'tcheni.

"Ndakwera," anatero amayi. "Mwaona nonse."

"Mwakwera," anavomera abambo, osadzutsa mutu.

"Iyayi," anatero anti. "Pangano inali ya pamseu wa kumapili. Uyu ni munda wa nkhosa."

"Ndiye kuti sindinakwere," anatero amayi. "Zonse n'chimodzimodzi." Analowa m'kalavani kukasintha.

Lachiwiri tinapita kunyanja yamchere, kuseri kwa phiri. Msewu wake ndi wokongola kuposa wina uliwonse umene ndinauonapo. Umatsata gombe, kukwera pamwamba pa matanthwe, kutsikira m'timidzi ta nyumba zoyera, ndipo pena mafunde amamenya khoma madzi n'kukuwaza kumaso, ukanyambita milomo n'kumva mchere. Ndinawagwira abambo m'chiuno, ndinatsamira, ndinadikira. Sanaimbe. Njira yonse m'nthiti mwawo munali zii. Ankayendetsa mosamala ngati munthu wobwereka chinthu cha eni.

Amayi ndinawakwiyira. Pagombe ndinakana kukhala nawo pabulangete, n'kutsatira anti amene ankayenda m'madzi osaya atapinda buluku. Ndinawauza m'Chingerezi, monga ndimachitira ndikapsa mtima, kuti amayi ndi amantha ndiponso ouma mtima. Anti anandiyankha m'chinyanja.

"Iwe mwana, amai ako anakubeleka kumbuyo kuchoka ku Mchinji mpaka kwatu, mu sanga, osalila. Uganiza angayope ka njinga?"

"Nanga n'chifukwa chiyani?"

"Unawaonapo amai ako na atate ako agwilana kwanja?"

Ndinaganiza. Kutchalitchi amakhala moyandikana, koma pakati pawo pamakhala mabuku a nyimbo. Pamsewu abambo amatsogola, amayi pambuyo. Kupatula moni wa pa Khirisimasi, umene amapatsana ngati anthu a komiti imodzi, ndinali ndisanawaonepo atagwirana.

"Manje iwe ufuna avale buluku, atangaze myendo, akumbatile mwamuna, pamenso pa mulamu wao na mwana wao," anatero anti. "Ise tonse tinaimilila monga tikuona bola. Naine ninakamba maningi."

Ndinakumbukira mmene tinawazungulira Lolemba lija, aliyense ndi malangizo ake, ndipo ndinangoyang'ana madzi akundidutsa m'mapazi.

Madzulo ake ndinkathandiza amayi kuanula zovala pachingwe chimene tinamanga pakati pa kalavani ndi mpanda. Anandifunsa osandiyang'ana.

"Pokhota paja, iwe umatani kuti usagwe?"

Ndinafuna kufotokoza monga tinaphunzirira m'kalasi ya sayansi, koma mawu ake achichewa ndinalibe. Ndiye ndinati, "Mumangokhala ngati mwana wa kumbuyo. Mayi akawerama kuti atole nkhuni, mwana sadzikokera kumbuyo kuti amuwongole. Amangopita komwe msana ukupita."

Amayi anapinda malaya a abambo n'kuwasalaza ndi dzanja.

"Iwe sunali choncho. Unkangodzikoka ngati mbuzi ya pachingwe."

"Pano ndinasintha."

"Tiziona," anatero amayi.

Lachitatu m'mawa anti analengeza kuti gasi watha, ndipo tiyenera kupita kutauni ndi kalavani kukasinthitsa botolo. Gasi anali asanathe, tinali titangowiritsira tiyi. Amayi anati mutu ukuwawawa, atsala agone m'tenti. Abambo anati iwo atsala akunge tcheni. Ankolo atangomva za tcheni anayamba kufunafuna sipanala.

"Imwe, tiyeni," anatero anti. "Botolo azanyamula ndani?"

"Mwana alipo. Ine na aticha tifuna tione..."

"Aticha anapunzila. Cheni azaikwanisa. Kwelani."

Ndisanakwere ndinalowa m'tenti. Ndinali nditatenga buluku langa lakuda lochindikala, limene limandikulira pang'ono, ndinalipinda n'kuliika pa pilo, chisoti pamwamba pake, magolovesi m'kati mwa chisoti. Sindinanene kanthu kwa wina aliyense.

Kutauni anti analowa sitolo iliyonse. Anagwira majuzi a ubweya osagula, anafunsa za mbale zojambulidwa mapiri, anatidyetsa tchipisi ndi nsomba titakhala pakhoma la padoko, mbalame zoyera zikutilanda m'manja. Ankolo ankangoyang'ana wotchi n'kumadandaula za tcheni. Titabwerera dzuwa litapendeka, pamsasa panali tenti yokha. Njinga panalibe. Ankolo anasuzumira m'tenti, anayang'ana anti, kenako anavula kapusi n'kudzikanda pamutu.

"Ooo," anatero. "Gasi."

Ine ndinakwera kaphiri ka kuseri kwa chimbudzi, pomwe msewu wonse wotsika phiri umaonekera. Ndinakhala pamwala nthawi yaitali, mphepo ikundilowa m'juzi, ndikuganiza za wodi ya amayi ndi miyendo ija ya pazingwe. Galimoto iliyonse yotulukira pamwamba ndinkaiyang'anitsitsa kuti mwina ndi ya chipatala. Ndiye kuti ndi zimene amayi amamva Lamulungu lililonse ife tikachoka. Si zabwino ayi. Ndinapemphera pang'ono.

Ndinayamba ndamva kulira kwa njinga, kenako ndinaiona ikutsika, kadontho kakuda ndi kachisoti koyera kumbuyo. Inafika pa kona yoyamba, inapendekera, ndipo kachisoti koyera kanapendekera nayo limodzi. Pa kona yachiwiri chimodzimodzi. Atayandikira ndinaona manja a amayi atazungulira abambo, mutu utatsamira pamsana. Ndinadziwa kuti nyimbo ija akuimva. Ndinasangalala kwambiri, komanso penapake panandiwawa, chifukwa ndinkayesa kuti ndi yanga ndekha.

Pamsasa sanafike. Anaima kutali, pageti la mlimi, kuseri kwa khoma la miyala. Amayi anatsika, anavula chisoti, anatulutsa chitenje m'jekete la abambo n'kuchimanga pamwamba pa buluku. Anapinda miyendo ya buluku kuti isaoneke, anakonza duku, anathyola tizipatso takuda ta m'minga tomera m'mbali mwa khoma. Kenako anayamba kuyenda okha kubwera kumsasa, pang'onopang'ono, abambo atatsala pageti akuyang'ana nkhosa. Ndinathamanga kutsika kuti akandipeze ndikusenda mbatata.

"Mutu uli bwanji, asisi?" anafunsa anti.

"Wachepa. Ndinapita kokawongola miyendo. Ndakutengerani tizipatso."

Pamphumi pawo panali mzere wa chisoti, ndipo mwendo umodzi wa buluku unali utatsika, ukusuzumira pansi pa chitenje. Ankolo anatsegula pakamwa. Anti anawaponda phazi, osasiya kumwetulira. Patapita kanthawi abambo anafika ndi njinga, chisoti choyera chili pamkono, n'kunena kuti tcheni tsopano chili bwino, anakachiyesa kumtunda.

Apa ndi pamene panatuluka vuto limene sindinaliganizire. Popeza palibe amene anaona, ndiye kuti amayi sanakwere. Popeza sanakwere, palibe amene akanawafunsa kuti atsika ndi mawu otani. Abambo sakanafunsa, kwa iwo kutero kukanakhala ngati kupempha kuti mlandu uweruzidwe mokondera. Buluku langa ndinalipeza pansi pa pilo wanga, lopindidwa bwino, batani litasunthidwa ndi ulusi woyera, m'matumba muli mchenga. Ndiye kuti anafika mpaka kunyanja. Dzulo tinabwerera ku London, ine pampando wanga, amayi m'kalavani, poto wopanda kanthu ali pamiyendo. Abambo anaimba pang'ono kumapiri, koma titayamba kuona mabasi ofiira anasiya.

Ndi chifukwa chake ndadzuka mmene ndadzukiramu. M'mawa wonse m'nyumba munali ntchito zokhazokha. Amayi anachapa zovala za paulendo, ine ndinakolopa, ndipo abambo, amene ntchito akayamba sabata yamawa, anatenga ndowa ndi kansanza kukatsuka njinga kuti munthu wa mawa aipeze yoyera. Ndinawaona pawindo akupukuta sipoko imodziimodzi.

Amayi lero ndi a shifiti ya masana. Nthawi zonse amanyamuka msanga, chifukwa basi ya kuno imabwera pamene yafunira. Lero nthawi ya basi inakwana ali kuchipinda, inapitirira ali kuchipinda. Kenako anandiitana.

"Buluku lija lili kuti?"

"Lili m'kabati mwanga."

"Bwera nalo. Utseke chitseko."

Anatuluka atavala yunifolomu yawo, buluku m'kati, jasi lalitali pamwamba. Anakaima pakhomo la kuseri.

"Abambo ake, basi yandisiya."

Abambo anaimirira, kansanza kali m'manja, madzi akudontha.

"Mukanditsitse kuseri, kumene kumaima magalimoto a zochapa," anatero amayi. "Osati pageti. Anzanga akandiona ndilibe pothawira, ine amene ndimakalipira anyamata aja tsiku lililonse."

"Chabwino."

"Ndipo musathamange. Ndipo mwana uyu Lamulungu muzibwera naye kusanade. Ndipo tayala lakutsogololo latha, ndinaliona. Mugule lina."

"Tayala la njinga yoti ipita mawa?" anafunsa abambo, mwaulemu kwambiri.

"Chisoti chija chili kuti?" anatero amayi, akuyang'ana ine.

Nditawapatsa ndinathamangira kuchipinda cham'mwamba kuti ndiwaone bwino. Mumsewu wathu amayi anagwira jekete la abambo ndi zala ziwiri zokha, msana uli njo, chifukwa mayi wa nyumba yoyandikana nafe anali panja akuthirira maluwa. Koma pawindo langa pamaoneka mpaka pa kona ya sitolo ya nyuzipepala, ndipo atafika pamenepo ndinaona manja akuzungulira.

Abambo atabwerako anapitiriza kutsuka njinga pomwe anasiyira. Ndinali ndikuyanika zovala pafupi nawo pamene anayamba kuimba, pabwalo pomwepo, opanda chisoti, opanda injini. Aka kanali koyamba kumva mawu a nyimbo ija, ndipo ndinapeza kuti zaka zonsezi ndinkaiganizira nyimbo ina. Atamaliza vesi anafinya kansanza.

"Munthu uja alibe telefoni," anatero. "Abwera ndithu, kuchokera ku Wembley konse."

"Ndiye mumuuza chiyani?"

"Zoona. Kuti eni ake akana."

Anati akawatenganso amayi akaweruka, kuseri komweko.

Mawa ndidzuka m'mamawa ndikazinge mandasi, kuti mzunguyo asayende ulendo wonsewo n'kubwerera chimanjamanja. Akachoka, nditenga madzi ofunda ndimatule timaluwa tanga pachisoti, poti amayi sangamafike kuchipatala ngati mwana wa sukulu. Buluku lija sindiitanitsa. Za Lamulungu ndiwauza abambo kuti ine ndi amayi tizisinthana, koma likubwerali ndinena kuti ndili ndi zowerenga zambiri, ndipo ndikhala kuchipinda chosaonekera kumsewu mpaka atachoka.